Amene munagonekedwapo m'chipatala muli ana, mukukumbukira chiyani?

Make Tadala
Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi pempho. Mwana wanga wamwamuna, wazaka 6, ali ndi kachotupa pachinena, ndipo adokotala atiuza kuti mwezi wamawa tikagonekedwe amupange opaleshoni. Akuti si yaikulu, koma ine usiku sindikugona. M'chipatala ndinangogonamo pobereka basi, ndiye sindikudziwa kuti mwana zimenezi amaziona bwanji. Apongozi anga akuti tisamuuze kanthu, tsikulo tidzangomuveka ngati tikupita kutauni. Mtima wanga ukukana. Inu amene munagonekedwapo muli ana ndiuzeni, chinakutsalirani m'mutu n'chiyani? Chinakuopsani n'chiyani, nanga chinakukhazikani mtima pansi n'chiyani?

Phiri wa ku Joni
Pepani Make Tadala, Mulungu atsogole. Ine ndinagonekedwa ku Zomba Central m'ma 1980 ndili Sitandade 3. Inali nyengo ya mango, nthambi inakhadzuka ndili pamwamba, fupa la ntchafu n'kuthyoka. Anandigoneka chagada, kumata mwendo wonse ndi pulasitala, n'kumangirira chingwe chodutsa kumiyendo kwa bedi. Kumapeto kwa chingwecho anapachikako kathumba kolemera kuti kazikoka fupa lilumikizane mowongoka. Ndinakhala choncho mwezi ndi masabata ena, osadzuka. Kusamba pomwepo, kudya pomwepo, kudzithandiza pomwepo.

Ululuwo ndinauiwala. Amene sindiwaiwala ndi agogo anga aakazi. Mayi anali ndi khanda kunyumba, ndiye gadiyani anali agogo. Usiku ankayala chitenje pasimenti kunsi kwa bedi langa, n'kutsamira kathumba ka zovala. Ndikadzidzimuka pakati pa usiku, getsi la m'khonde lokha likuyaka, mwana wina akubuula kumapeto uko, ndinkangotsitsa dzanja m'mbali mwa bedi. Sindinkaitana. Dzanja likangolendewera, lawo linkabwera n'kuligwira, lokhakhala ndi khasu lija, n'kumalisisita mpaka nditagonanso. Mpaka lero sindimvetsa kuti ankagona nthawi yanji.

Madzulo anesi akamaliza kugawa mankhwala, agogo ankayamba nthano chapansipansi. Poyamba woyankha kuti "tili tonse" ndinali ndekha. Pasanathe masiku wodi yonse inali ikuyankha, ngakhale amayi ena amene anali atagona kale pansi.

Nagama
Eeh a Phiri, mwandigwetsa misozi. Agogo amenewo mzimu wawo uuse mumtendere ngati anatsogola.

Phiri wa ku Joni
Anatsogola kale, achemwali. Zikomo.

NaChisale
Make Tadala, muuzeni mwanayo, chonde. Ndikuuzeni chifukwa chake.

Ine anandigoneka ndi malungo mu 1994 pachipatala cha boma kwathu. Fansida ndinamwa koma thupi silinazizire, mpaka ndinayamba kukomoka. Za masiku oyamba sindikumbukira kanthu. Nditatsitsimuka ndinaona botolo la dripu pamwamba panga, dzanja atalimangira pakathabwa kuti ndisapinde, m'makutu muli phokoso losatha, anthu akamalankhula ngati ali kutali. Kenako anati magazi achepa. Malume anga ndi amene anapereka, ndipo ndimakumbukira atakhala pabenchi kunja akumwa Sobo, thonje ali nalo pamkono, akundikodola pawindo.

Koma chimene chinandipweteka mtima ndi ichi. Nthawi iliyonse nesi akabwera ndi kathireyi kake, mayi ankati, "Sakubaya mwanangu, angokuona." Kenako ankandigwira miyendo, amayi a bedi lina n'kundigwira manja, jakisoni n'kulowa. Mawa lake chimodzimodzi. Mapeto ake ndinkakuwa ngakhale nesi angobwera kudzayeza kutentha kwa thupi, chifukwa ndinalibenso njira yodziwira kuti lero n'zoona kapena ayi. Mayi ankachita zimenezi chifukwa cha chikondi, sindikuwada. Koma wina amene ndinkamudalira m'chipinda chonsecho anali iwowo, ndipo mawu awo anasiya kunditonthoza.

Panali nesi mmodzi wausiku, wamkulu ndithu, amene ankachita zosiyana. Ankakhala m'mphepete mwa bedi n'kunena kuti, "Iwe, ndabwera kudzakubaya. Iwawa, koma pang'ono. Gwira chala changa, tiwerenge limodzi mpaka teni." Kwa ameneyo ndinkatembenuka ndekha, popanda wondigwira.

Sisita wopuma
Mwana wanga NaChisale, wanena zimene ndakhala ndikuuza makolo moyo wanga wonse. Ndagwira ntchito m'mawodi a ana kuyambira m'ma 1980 mpaka kupuma. Palibe chimene chinkandiwawa ngati kumva mayi akuuza mwana kuti, "Ukapanda kudya ndikuitanira anesi akubaye." Ndiye mwana wotereyo tsiku limene akufunikadi jakisoni, tiyambira pati?

Phokoso la m'makutulo anali kwinini, amatero ndithu, ndipo limatha mankhwala akatha. Iwe unadwala pa nthawi yovuta. Kolokwini, uja ankayabwitsa anthu thupi lonse, anali atasiya kugwira ntchito, moti mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kumusiya n'kuyamba Fansida. Naye Fansida sanachedwe kufooka, mpaka mu 2007 kunabwera LA. Miyezi ya mvula, kuyambira Januwale mpaka Epulo, wodi inkadzaza ana awiri atatu bedi limodzi, ambiri a iwo maso ndi zikhatho zili mbuu chifukwa chosowa magazi. Magaziwo tinkadalira achibale, monga anachitira malume ako. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service linadzayamba mu 2003. Ndaonapo bambo akupalasa njinga usiku kubwerera kumudzi kukadzutsa achimwene ake chifukwa magazi a iyeyo sanagwirizane ndi a mwana.

Ndipo ana okomoka ngati iweyo ndi amene anaphunzitsa dziko lonse. Ku Queens ku Blantyre, a Malcolm Molyneux ndi a Terrie Taylor anakonza njira yoyezera kukomoka kwa mwana amene sanayambe kulankhula: kuona ngati maso akutsatira nkhope ya mayi ake, ngati akulira moyenera, ngati akuchotsa dzanja pamene pakumuwawa, n'kupereka mapointi kuyambira 0 mpaka 5. Njira imeneyi mpaka lero imatchedwa ndi dzina la Blantyre kulikonse kumene kuli malungo. Nditamva mu 2019 kuti katemera wa malungo wayambira kuno kwathu, Ghana ndi Kenya akutsatira, ndinakhala pansi ndikukumbukira nkhope za ana amene sanafike.

Chimwemwe K
Ine zanga n'zazifupi. Chibayo, ndili ndi zaka 8. Kwathu Fanta sinkagulidwa wamba, inali ya Khirisimasi ndi wodwala basi. Bambo ankagwira ntchito kutali ndi chipatala, koma madzulo aliwonse nthawi yozonda odwala ikakwana ankakhala ali kale pageti, thukuta lili kamukamu, fulasiki ya tiyi atamangirira pakaliyala, Fanta ndi banzi zili m'thumba la jekete. Sankalankhula zambiri. Ankangoika dzanja pachipumi panga n'kufunsa mayi kuti, "Wadya?" Abambo amene muli pagulu pano, musamasiyire amayi okha nkhani ya kuchipatala. Mwana amawerenga amene wabwera.

Kondwani wa ku Ntcheu
Ndakhala ndikulemba n'kufufuta, koma ndinene.

Ndinapsa ndi phala mwezi wa Juni, ndili ndi zaka 6 ngati Tadalayo. Tinali titazungulira mbaula chifukwa cha kuzizira, poto n'kugubuduka, phala lonse pamimba ndi pantchafu. Kunyumba anandipaka dzira laliwisi, ndipo pofika kuchipatala bala linali litayamba kale kuvuta. Za kutsuka balalo sindifotokoza. Aliyense amene anamvapo gozi akumatulidwa pachilonda cha moto akudziwa.

Bedi loyandikana ndi langa panali mnyamata wamkulupo pang'ono kuposa ine, wotupa mimba ndi miyendo. Anali waluso. Ankapempha timakatoni ta mankhwala topanda kanthu, n'kuboola ndi kamtengo, zitsekerero za mabotolo n'kukhala matayala, basi minibasi yatheka. Tinkaiyendetsa pabulangete, iye dalaivala, ine kondakitala woitanira. Nthawi yanga yotsuka bala ikayandikira ankandipatsa galimotoyo kuti ndipite nayo.

Usiku wina ndinadzuka chifukwa cha mapazi ambiri. Anali atatchinga bedi lake ndi chinsalu chija. Kenako mayi ake analira, kulira kumene sindinakumvepo chiyambire, ndipo amayi onse a m'wodi anadzuka n'kutuluka nawo, kulirako kukunka kutali m'khonde. Mayi anga anandifunditsa bulangete kumutu. M'mawa bedi linali litayalulidwa, matiresi akuda okha. Nditafunsa, mayi anati, "Wapita kwawo." Amayi a bedi lina nawonso, "Wapita kwawo, wachira." Ine ndinali nditamva zonse usikuwo. Ndiye mumtima mwanga ndinamanga kuti kupita kwanu ndi chimenechija, chinsalu ndi kulira m'khonde.

Patapita masabata, adokotala akuyendera odwala anayang'ana bala langa, anamwetulira, n'kunena kuti, "Mnyamata iwe, mawa ukupita kwanu." Abale, ndinalira tsiku lonse. Ndinakana nsima, ndinakakamira chitenje cha mayi, usiku wonse maso ali gwa kudikira kuti chinsalu chija chibwera nthawi yanji. Aliyense ankadabwa kuti mwana watulutsidwa koma akulira chiyani. Palibe anandifunsa, ndipo ine ndinalibe mawu ofotokozera. Ndinadzawauza mayi ndili kale ku sekondale, ndipo analira.

NaChisale
Mayo ine Kondwani. Pepani achimwene.

Make Tadala
Ndawerenga kawiri. Ndilibe mawu.

Gogo Mbewe
Ana anga, ndawerenga zonse ndipo Kondwani wandikhudza. Koma mundilole ndiikire kumbuyo apongozi a Make Tadala ndi mayi ake a Kondwani pang'ono. Ife tinakula mwana sauzidwa za maliro. Maliro akamadutsa ana ankalowetsedwa m'nyumba. Sikunali kupusa ayi. Mtima wa mwana ndi waung'ono, katundu wina ndi wa akulu. Mayi amene mwana wake ali ndi bala lalikulu pamimba, usiku umenewo waona mnzake akutuluka chimanjamanja, mukufuna m'mawa atsegule pakamwa anene kuti mnzako wamwalira? Iyenso anali ndi mantha.

Ine ndinagonekedwa ku Queens m'ma 1970, chikuku chitandilowa m'chifuwa ndi m'maso. Masiku amenewo chikuku chikalowa m'mudzi chinkatenga ana motsatizana, achinyamata a lero amene munabayidwa katemera pa miyezi 9 simungamvetse. Sanandiuze kanthu, ndipo ndikuganiza kuti akanandiuza kuchuluka kwa anzanga amene anapita, mantha okhawo akanandimaliza. Chimene ndimakumbukira ine ndi chosangalatsa. Inali nyengo ya Khirisimasi, ndipo Kamuzu anali ndi chizolowezi chozonda odwala nyengo imeneyo. Kutacha wodi inakolopedwa mpaka kuwala, tonse anatisambitsa, mayi anavala chitenje chawo chatchalitchi. Tinayamba kumva nyimbo za amayi a mbumba zikuchokera kutali. Maso anga anali otupa, ndinangoona chipewa chakuda ndi litchowa zikudutsa kumiyendo kwa bedi. Atapita tinalandira timaphukusi ta masiwiti ndi mabisiketi. Kumudzi ndinakhala ndikufotokoza nkhani imeneyi chaka chonse.

Ndiye ine ndikuti, za opaleshoni muuzeni pang'ono, chabwino. Koma si zonse zimene mwana ayenera kumva.

Kondwani wa ku Ntcheu
Agogo, ndakumvani ndipo mayi anga sindiwaimba mlandu. Koma vuto ndi lakuti m'wodi mulibe nyumba yolowetsamo ana maliro akamadutsa. Ndinaona ndi kumva zonse ndili pabedi. Chimene anandibisira si imfayo, anandibisira tanthauzo lake, ndiye ndinadzipangira langa loopsa kuposa choonadi. Akanangoti, "Mnzako anadwala kwambiri, wamwalira, koma matenda ake si ako, iwe bala lako likupola," ndikanalira tsiku limodzi basi.

Sisita wopuma
Bambo Mbewe, sitikusiyana kwambiri. Inenso sindinena kuti mwana wazaka 6 mumuuze za mipeni ndi magazi. Muyezo wake ndi uwu: muuzeni zimene adzaone ndi maso ake ndi zimene adzamve m'thupi mwake, ndipo chimene wafunsa mumuyankhe zoona m'mawu a msinkhu wake. Chimene sanafunse musamuunjikire. Koma bodza lenileni, lija lakuti tikupita kutauni, limenelo ayi. Adzafika pageti, adzamva fungo la sipiriti, adzadziwa, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chimene mayi ake anene sadzachikhulupirira, pa nthawi imene akufunika kuwakhulupirira koposa.

Ndipo poti Kondwani watchula dzira, ndipemphe onse amene muli ndi ana: mwana akapsa, thirani madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi 20, mufunditse kansalu koyera, muthamange naye kuchipatala. Mazira, mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira, zonsezo zimangolowetsa tizilombo. Miyezi ya Juni ndi Julaye ana akupsa ankachuluka chaka chilichonse, ndipo ambiri ankabwera atapakidwa kale zinthu.

Thoko ku Leeds
Ndimagwira ntchito m'wodi ya ana kuno ku England, ndiye nkhaniyi yandigwira pawiri. Kuno kuli anthu olembedwa ntchito yongosewera ndi ana odwala. Mwana asanapite kufiyeta amamubweretsera chidole, n'kumuonetsa pachidolepo mmene kanula, kachubu kaja koika mumtsempha, amalowera, n'kumupatsa chophimba kumphuno chija kuti achigwire, achinunkhize, achiveke chidolecho. Make Tadala, zimenezi sizifuna ndalama, mukhoza kuchita kunyumba ndi chidole chilichonse ndi kapu ya pulasitiki.

Koma chimene ambiri sadziwa ndi chakuti kuno kale makolo sankaloledwa kukhala ndi ana awo m'chipatala. Mpaka m'ma 1950 zipatala zambiri zinkalola makolo kudzaona mwana mwina kamodzi pa sabata, ati akamabwera pafupipafupi ana amalira. Anzanga achikulire kuntchito amafotokoza kuti anasiyidwa pabedi la zitsulo ali ndi zaka zitatu, mayi awo n'kuuzidwa kuti azipita. Zinayamba kusintha mu 1959, komiti ya boma yotsogozedwa ndi Sir Harry Platt itanena kuti makolo aziloledwa nthawi iliyonse ndipo amayi a ana aang'ono azigona konko, komabe zinatenga zaka kuti zipatala zimvere. Nditawerenga za dzanja la agogo a a Phiri ndinaganiza kuti chimene kuno anachita kuchikhalira komiti, kwathu chinalipo kale.

Chokhacho, tisamangoyamikira n'kusiyira pomwepo. Gadiyani kwathu amasambitsa, amadyetsa, amachapa, amayang'anira dripu n'kukaitana nesi ikatha, chifukwa anesi ndi ochepa. Munthu wogwira ntchito yonseyo sayenera kugona pasimenti.

Mwayi
A Thoko mwanena za magadiyani, ndiye ndilowe. Ine sindinagonekedwe, ndinali gadiyani, ndili ndi zaka 12.

Inali njala ya 2002. Mayi anali atamwalira chaka cham'mbuyo, bambo anapita kukasaka ganyu. Mlongo wanga wazaka ziwiri anayamba kutupa mapazi ndi nkhope, tsitsi linafiira n'kumathothoka, osalira n'komwe, kumangoyang'ana. Azakhali anatiperekeza kuchipatala cha mishoni, anagona nafe pang'ono, n'kubwerera chifukwa nawonso anasiya ana awo opanda chakudya. Ndinatsala ine.

Kuwodi ya ana onyentchera moyo wonse unkayendera mkaka. Pakangopita maola ochepa, usana ndi usiku womwe, ankaitana, ife n'kuima pamzere ndi makapu. Mkakawo sunali wongopereka, unali womwetsa pang'onopang'ono ndi supuni, mwana akukana, akulavula, iwe maso akulemera ndi tulo. Nesi anandiuza kuti ndikagona n'kudumphitsa wausiku, shuga wa m'thupi mwake atsika ndipo akhoza osadzuka. Kuyambira tsiku limenelo ndinkagona chokhala, msana uli kukhoma. M'mawa uliwonse ankamuveka kakabudula ka sikelo n'kumupachika, ndipo ndinalira nditaona kuti sikelo ikutsika m'malo mokwera, mpaka anandifotokozera kuti ndi madzi otupitsa aja akuchoka, ndiye kuchira kwake. Kenako anayamba Likuni Phala. Tsiku limene analanda supuni m'manja mwanga ndinathamanga kukauza wodi yonse.

Amene anandisunga ndi amayi a kukhitchini ya magadiyani. Shedi ya malata, mafuwa ali mbwee, utsi wolowa m'maso, aliyense ndi kamphika kake. Tsiku loyamba ndinaima pakhomo ndi kaufa m'pepala, ndilibe nkhuni, ndilibe poto. Mayi wina wochokera tsidya la Mozambique, amene Chichewa chake chinali chosakanikira, anangondikoka dzanja n'kundikhazika pamoto pake. Wina anandipatsa mchere, wina kachidutswa ka sopo, wina ankandigwirira mwana ndikapita kukachapa kumpopi. Chaka cha njala, anthu oti nawonso analibe. Mmodzi ankakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo kwa iye sunali mwambi wongolankhula.

Sukulu teremu imeneyo inandipita, ndinabwereza Sitandade 6. Mlongo wangayo pano ndi bambo wa ana awiri, sakumbukira chilichonse. Amene amakumbukira ndine. Ndiye mukamapita kukazonda odwala, muziyang'anako ndi kunsi kwa bedi ndi kukhitchini kuja. Kumakhala ana enanso amene alibe fayilo.

Sisita wopuma
Mwayi, mwana wanga, unagwira ntchito ya nesi wathunthu. Ana ngati mlongo wakoyo masiku ano ambiri sagonekedwanso nthawi yaitali, akangoyamba kudya amapatsidwa chiponde n'kumakachirira kunyumba, kumangobwera kusikelo. Chikanabwera msanga sukulu yako sikanaduka chonchija.

Amai Banda, Chipata
Moni kwa onse a ku Malawi. Kuno n'chimodzimodzi. Ine ninagona ku St Francis ku Katete nili mwana, ndipo chimene nikumbukila ndi azimai a chalichi obwela kudzaimba pa Sondo masana, atavala mayunifomu ao. Anali kuima pakati pa wodi, kuimba, kupemphela, n'kusiyila aliyense sopo ndi nthochi. Amama anali olimba masiku onse, koma nyimbo ikangoyamba anali kubisa nkhope m'chitenje.

Nagama
Kwathu anali amayi a Mvano ndi a Dorika, kusinthana masabata. Mpaka pano nyimbo zina ndikazimva m'tchalitchi ndimamva fungo la m'wodi.

Yamie
Ine ndinabadwa mapazi opindikira m'kati, ndinkayendera m'mbali mwa mapazi mpaka ndili Sitandade 4. Anandithandiza ku Beit CURE ku Blantyre, chipatala cha mafupa chija chinatsegulidwa mu 2002, ndipo ana sitinkalipira. Chimene chinandichotsa mantha si mawu a dokotala. Tsiku loti mawa opaleshoni, nesi anandipititsa kwa mtsikana wina amene anali atachotsedwa kale chikhakha, akuphunzira kuyenda atagwira zitsulo. Iyeyo ndiye anandiuza zonse: kuti adzakuika chinthu kumphuno chonunkha moipa, udzagona osadziwa, podzuka pakhosi padzauma ndipo mwina udzasanza, m'chikhakha mudzayabwa koma usalowetsemo kamtengo. Zonse zinachitika ndendende mmene ananenera, ndipo chilichonse chikachitika ndinkati eya, ichi ndiye chija. Make Tadala, ngati m'wodimo mudzapeze mwana amene wapangidwa kale, muwakumanitse.

Phiri wa ku Joni
Kodi Make Tadala, ndi kuchipatala cha Mercy James?

Make Tadala
Eya achimwene, konko. Zikomo nonse, simukudziwa mmene mwandithandizira. Ndakambirana ndi bambo ake, tagwirizana kuti timuuza, ndipo apongozi tikawafotokozera bwinobwino limodzi, ndiwawerengera zimene walemba Kondwani. Asisita, ndimuuze liti? Nanga ndinyamule chiyani?

Sisita wopuma
Muli m'manja abwino. Chipatala chimenecho ndi cha maopaleshoni a ana okhaokha, chinatsegulidwa mu 2017 pa Queens pomwepo ndi thandizo la bungwe la Madonna la Raising Malawi, ndipo chili ndi chipinda cha ana odwala mwakayakaya, chinthu chimene ife m'masiku athu tinkangochilota.

Wazaka 6 musamuuze mwezi wathunthu usanafike, angakhale akulingalira. Kukatsala masiku atatu kapena anayi n'kokwanira. Mumuuze kuti adokotala akakonza pamene pamatupa paja, adzamugonetsa tulo ta mankhwala kuti asamve kanthu, ndipo akadzadzuka inu mudzakhala pomwepo. Mawu akuti "akakung'amba" asamveke pakhomopo, muwauzenso achibale ndi ana anzake. Nyamulani buku lake lakuchipatala, zitenje zingapo, kabulangete kamene amafunda kunyumba ngakhale katakhala kakale, beseni, sopo, kapu, supuni, ndi choseweretsa chimodzi chimene asankhe yekha.

Chachikulu ndi ichi, ndipo ndikunena motsindika. Akadzakuuzani kuti kuyambira ola lakuti asadye, musadzamupatse kanthu mobisa, ngakhale alire bwanji, ngakhale kabisiketi. Munthu akagonetsedwa ndi mankhwala, chakudya cha m'mimba chikhoza kubwerera n'kulowa m'mapapo. Ndaonapo agogo achifundo akupereka phala kuseri, opaleshoni n'kulephereka tsikulo. Ngati wadya mwangozi, nenani, musabise. Za madzi akumwa mufunse konko, adzakuuzani ola lolekezera.

Gogo Mbewe
Pa za chakudyazo ndikugwirizana nanu kotheratu, asisita. Pa za maliro ndidakali pomwe ndinali, mwana wanga sindingamuuze ali pabedi la chipatala, ndingadikire tifike kunyumba. Koma mawu akuti wapita kwawo, pamenepo Kondwani wandiphunzitsa kanthu. Make Tadala, apongoziwo muwalankhule mwaulemu, ndipo muwapemphe adzabwere tsikulo. Mdzukulu akadzatsegula maso adzawapeze.

Chimwemwe K
Abale, zimene walemba Mwayi sizikundichoka. Amene tili mu Blantyre muno, bwanji tisonkhe kangachepe tikaone magadiyani kuwodi ya ana kumapeto a mwezi uno? Ndikhoza kukapempha chilolezo kuofesi ya chipatala mkati mwa sabatayi, chifukwa sitingangolowa.

Nagama
Ndili momwemo. Tigule masiwiti ndi mabisiketi a ana?

Mwayi
Masiwiti ayi achemwali, ana ena saloledwa, ndipo ena amakhala akudikira fiyeta. Ngati mukufuna zimene gadiyani amasowadi: sopo wochapira, mchere, shuga, machesi, makala kapena nkhuni, matewera, ndi ufa. Zitenje zakale zochapa bwino nazonso, chifukwa mwana wotsekula m'mimba amamaliza zitenje zonse usiku umodzi. Ndipo tikafika tifunse anesi kuti ndani alibe womuyendera, amawadziwa onse. Ndidzabwera nawo, kukhitchiniko ndikalowa ine.

Sisita wopuma
Ndipo amene muli ndi thanzi, tsiku lomwelo mudutsire ku Blood Transfusion mukapereke magazi. Mvula ili pafupi.

Phiri wa ku Joni
Ine ndili kutali koma thumba la makala ndi katoni ya sopo zikhale zanga, nditumiza pa Mukuru Lachisanu. A Chimwemwe, nambala musaike pagulu, munditumizire kumbali.